Za poloti ija ya ku Luchenza

Luchenza,
Thyolo.

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chiperoni chakhazikika, zovala sizikuuma pachingwe ndipo ana onse ali ndi chifuwa. Mayi anu ndinawaona Lamulungu potuluka m'tchalitchi. Mwendo uja wayamba kuwalola kuyenda, ndipo akuti musaiwale mafuta opaka aja.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaumva. Mwati lendi ya ku Joni yakukwanani, mukufuna poloti kuno kuti muyambe kumanga, ndipo mnzanu wina wakuuzani kuti ku Luchenza malo ndi mbwee chifukwa ndi katauni kakang'ono. Pafoni tikanangodulana mawu mpaka mayunitsi kutha, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe. Zoti tauniyi ndi yaing'ono, mnzanuyo sananame. Koma pa nkhani ya malo wakusocheretsani.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 12,600 m'dera la khonsolo ya Luchenza. Onsewo mutawatengera ku Lilongwe sangadzaze ngakhale theka la Bingu Stadium. Komabe ndife manisipaliti, tili ndi meya wathu, monganso a ku Kasungu. Tsono chiwerengero chimenecho chimangowerenga ogona m'kati mwa malire a khonsolo. Sichiwerenga anthu amene amadzaza tauniyi dzuwa likatuluka: a kabaza, amayi a madengu a tomato, ana a sukulu, odzagayitsa, odzagulitsa nandolo. Amenewa amachokera m'midzi yotizungulira, ndipo kumidziko ndiye kuli anthu. Kalembera yemweyo anapeza anthu 721,456 m'boma la Thyolo ndi 684,107 m'boma la Mulanje. Mu 2008 Thyolo anali asanakwane 600,000. Dziko lonse la Malawi, ukagawa bwinobwino, pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu 186, koma kuno ku Thyolo timapitirira 400. Ndipo pogawapo amawerengera ndi minda ya tiyi yomwe, mmene simugona munthu kupatula a m'makomboni. Mukachotsa imeneyo, ganizani nokha mmene tathinirana. Kuchoka pano kupita ku Chonde kapena ku Goliati simungaone tchire loti mwana n'kusocheramo. Nyumba, kamunda, manda, nyumba, kamunda.

Inu munachoka muli mnyamata, ndiye mwina simunaliyang'anitsitse dera lathuli. Luchenza ali pachigwa, pakati pa mitunda iwiri. Kum'mawa kuli phiri la Mulanje, lija tinkaliona tikamapita kusukulu ngati kulibe mitambo, nsonga yake ya Sapitwa yotalika mamita 3,002. Kumadzulo mtunda umakwera pang'onopang'ono mpaka ku Thyolo boma. Mphepo yachinyontho yochokera kunyanja ya mchere, kudzera ku Mozambique, ikagunda phiri ndi mitunda imeneyi imakhuthula mvula kumeneko. N'chifukwa chake tiyi ali ku Lujeri, ku Mimosa, ku Satemwa, ku Makwasa, koma pano pathu ayi. Ife timangolandirako nkhungu ndi mawawa. Kuno n'kotentherapo, ndipo dothi lake ndi la chimanga, nandolo, chinangwa ndi mbatata. Madzi ambiri otsika m'phiri mbali ino amasonkhana mu Thuchila, Thuchila n'kukathira mu Ruo, Ruo n'kukathira mu Shire ku Chiromo. Malire a maboma awiriwa ali pakhomo penipeni, moti munthu amadya nsima ku Thyolo n'kukamwa tiyi kwa mlongo wake ku Mulanje, wapansi.

Nanga pachigwa chopanda tiyi panamera bwanji tauni? Yankho lake ndi njanji ija tinkaikapo misomali kuti sitima iiphwathalitse tipange timipeni. Atsamunda atayamba minda kumtunda kuno, katundu yense ankayenda pamitu ya amtengatenga kupita kumadoko a pa Shire. Kenako kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, ndipo sitima inafika ku Blantyre mu 1908. Njanjiyo inatsata chigwa cha Ruo ndi Thuchila pothawa mapiri, ndipo siinafike ku Mulanje boma kapena ku Thyolo boma. Siteshoni imene inagwera pakati pa madera awiri a tiyi ndi ino. Tiyi wa ku Mulanje, amene anayamba kubzalidwa cha m'ma 1891 pa minda ya Thornwood ndi Lauderdale, ankabwera kuno kudzakwera sitima. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, bokosi la tiyi linkatha kuchoka pa Luchenza mpaka kudoko la Beira osatsika. Pamene pali katundu pamabwera onyamula, pamene pali onyamula pamabwera ophika, kenako amwenye ndi masitolo awo a makhonde aatali. Masitolo ena akale aja alipobe, ngakhale eni ake oyamba anachoka m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la Kamuzu linalamula kuti amwenye azichitira malonda m'mizinda ikuluikulu yokha.

Mwaona tsono kuti Luchenza sanayambe ngati mudzi wa mfumu umene unakula. Anayamba ngati pokwezera katundu wa eni minda. Ndipo eni mindawo ndi amene anayambitsa vuto limene mukufuna kulowamoli.

M'zaka za m'ma 1890, bwanamkubwa woyamba Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo amene ankati anagula kwa mafumu. Kugula kwake kunali kwa nsalu, mikanda ndi mfuti. Gawo lalikulu la Thyolo linapita choncho. Eni nthaka akale kuno anali Amang'anja, ndipo Ayao anali atafika cha m'ma 1860. Koma manja olima m'mindamo ambiri anali a agogo athu, Alhomwe, amene ankawoloka Ruo ndi Muloza pothawa msonkho ndi nkhanza za Apwitikizi. Mzungu ankawalandira ndi manja awiri: manga apa, lima apa, koma uzindigwirira thangata. Mwezi umodzi wa lendi, wina wa msonkho, ndipo mwezi wa thangata unkatha pamene kapitawo wanena kuti watha. Choipitsitsa, ankaufuna nthawi ya dzinja, pamene munda wa mwiniwake ukufuna khasu. Agogo anga aakazi akamanena za nthawi imeneyo sankakweza mawu, ankangoti, "Tinkapalira wa mzungu, wathu ukudyedwa ndi udzu."

Kusukulu anatiphunzitsa za Chilembwe ndi 1915, koma za 1953 sanatiuze bwino, chonsecho zinayambira pakhomo pathu. Mu Ogasiti chaka chimenecho, chomwenso chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhazikitsidwa anthu akukana, pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza anagwira anthu awiri akuba malalanje. Mphekesera inafala kuti anthuwo aphedwa. Khamu linasonkhana, ndipo mkwiyo wa malo ndi thangata umene unali utasungidwa zaka zambiri unaphulika. Anthu anagwetsa mitengo m'misewu, kudula mawaya a telefoni, kukana msonkho. Zipolowe zinafalikira m'maboma ena a kum'mwera kuno ndipo anthu 11 anaphedwa. Pambuyo pake boma linafulumira kugula malo ena kwa eni minda n'kukhazikapo anthu, ndipo thangata anatha mu 1962. Koma minda ya tiyi yeniyeniyo inatsala mmene inalili, ndipo ilipo mpaka lero.

Sindikunena kuti tiyi ndi mdani. Msuweni wanga amathyola, ndipo ana ake aphunzira ndi ndalama imeneyo. Ndinamuperekezapo m'mawa wina nthawi ya dzinja. Dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno poteteza mame, manja onse awiri akuyenda pamwamba pa tchire lija ngati sakuganiza n'komwe: masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, dzanja likadzaza n'kuponya kumbuyo osacheuka. Kenako mzere wa kusikelo, kalaliki akulemba makilo. Tiyi amabweretsa ndalama zakunja, ndipo m'dziko muno ndi fodya yekha amene wakhala akumuposa kwa nthawi yaitali, shuga n'kumapikisana naye. Koma ntchito yambiri ndi ya nyengo. Mvula ikasiya, masamba amachepa, anthu n'kubwerera kumudzi kukadalira kamunda kosakwana ekala, komwe mawa adzagawane ana asanu.

Boma linayesapo kupungula anthu. Mukukumbukira banja lija linkakhala kuseri kwa chigayo? Linapita ndi pulogalamu ya Kudzigulira Malo, imene kuyambira 2004 inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kukawakhazika ku Mangochi, Machinga ndi maboma oyandikira. Anachoka ndi malole, mbuzi ndi mitondo pamwamba. Lero pamene anachokapo simungapadziwe, panadzaza kalekale.

Sitima nayo inatisiya. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, madzi anakokolola njanji ku Chiromo mu 1997, ndipo sitima ya anthu yopita ku Makhanga, ija inkabwera ndi nsomba zouma ndi mbuzi za ku chigwa, inaima ndi madzi osefukira a 2015. Tiyi anasamukira pa malole. Ndiye panabweranso msewu wa Midima, umene anautcha Robert Mugabe Highway, wochoka ku Limbe kudzera pa Nkando mpaka ku Mulanje osatiponda ife. Wothamangira ku Muloza sadutsanso pano. Ena ankati basi Luchenza wafa.

Sanafe, ndipo chifukwa chake ndi anthu omwe aja a m'midzi. Tauni imene inabadwa chifukwa cha katundu wa azungu lero ikukhalira timatumba ta amayi. Mudzabwere nthawi yokolola nandolo mudzaone. Mavenda amapachika masikelo pamitengo m'mbali mwa msewu, mayi amafika ndi kathumba pamutu, maso ali pa muvi wa sikelo, mkangano n'kubuka pa theka la kilo. Akalandira ndalama sapita nayo kutali: mchere, sopo, yunifolomu, lata limodzi. Yonse imathera pano. Mu 2017, India atachepetsa kugula nandolo wakunja, mtengo unagwa mpaka anthu ankangomusunga m'nyumba kuti afumbwe, ndipo eni magolosale pano anadziwa kuti India ali pafupi. Nthochi za ku Thyolo zija tinkanyadira nazo zinatha ndi matenda a chisaka, moti kwa zaka zingapo takhala tikudya zochokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ngakhale ena ayambanso kubzala mbewu yatsopano. Chinanso chatithandiza ndi yunivesite ya MUST ku Ndata, imene inatsegulidwa mu 2014, ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde mwezi wa Okutobala. Masiku amenewo malo ogona amadzaza, tchopa akumveka usiku wonse, kalongonda akugulitsidwa m'mabeseni kwa anthu a magalimoto amene kwawo ku Lilongwe sangamuyandikire n'komwe. Chilhomwe chenichenicho olankhula ndi ochepa, ambirife timangodziwa moni, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Tsopano za poloti yanu. Malo ogulitsa alipo, koma ali mitundu iwiri. Ena ndi a khonsolo, oyezedwa, okhala ndi mapepala. Ndi okwera mtengo ndipo sapezeka msanga, koma mukagula mumagona tulo. Ena ndi a kumudzi, m'mphepete mwa tauni, ndipo otchipa amene mnzanu akunena ndi amenewa. Musaiwale kuti kuno ndi kwa chikamwini. Munda ndi wa mbumba, umayenda kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi. Mwamuna amene akukuonetsani malire ndi ndodo uja kawirikawiri ndi mkamwini chabe, kapena ndi mlongo amene akugulitsa alongo ake osadziwa. Mnzathu wina wa ku Durban anatumiza ndalama, anaumbitsa njerwa, maziko n'kukumba. Tsiku lothira konkire panafika amayi atatu ndi makasu, n'kuyamba kubzala chinangwa m'kati mwa mazikomo, osayankhula ndi munthu. Mlandu unapita kwa nyakwawa, kenako kwa gulupu, ndipo njerwa zija pano zamera ndere. Ngati mwiniwake wamkazi, mwinimbumba ndi amfumu sanakhale pamphasa imodzi n'kuvomera pamaso pa mboni, musatulutse ngakhale tambala.

China, poloti ya kuno musaione mu Seputembala pokha. Kufupi ndi madambo dothi ndi la makande, chilimwe limang'ambika, dzinja limafufuma, khoma n'kuchita ming'alu chaka chachiwiri. Ndipo chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene mapiri anagumuka ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, mitsinje n'kudutsa mmene simunadutsepo madzi, aliyense wanzeru amayamba wafunsa achikulire a pamalopo kuti madzi anafika pati.

Ine maganizo anga ndi akuti mudikire ya khonsolo, ngakhale ichedwe. Ngati mtima wanu uli pa ya kumudzi, bwerani nokha mu Febuluwale mvula ili pakati, tidzayende limodzi ndi nsapato za mphira. Pakadali pano ndalama isungeni komweko, ndipo musauze abale ambiri kuti mukufuna malo, chifukwa mtengo umakwera akangomva kuti wogula ali ku Joni. Lolemba ndipita ku ofesi ya khonsolo kukatenga fomu, ndidzakujambulirani pafoni. Munditumizire chithunzi cha chitupa chanu cha unzika, mbali zonse ziwiri.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Akuno onse akupereka moni.

Ndine mnzanu,
wa kuseri kwa siteshoni.