Kalata kwa Mkulu wa BBC Proms: Mpatseni Coleridge-Taylor usiku wake

Wolemekezeka Mkulu wa BBC Proms,

Ndakulemberani ndi pempho limodzi: pa Proms, makonsati anu a chaka ndi chaka ku Royal Albert Hall ku London, muperekeko usiku wathunthu ku nyimbo za wopeka nyimbo Samuel Coleridge-Taylor.

Mbiri ya kutsitsimuka kwa nyimbo za ku England timaimva kawirikawiri. Ajeremani ena ankanyoza kuti England ndi dziko lopanda nyimbo. Sukulu ya nyimbo ya Royal College of Music itatsegulidwa mu 1883, aphunzitsi Hubert Parry ndi Charles Stanford anasula mbadwo watsopano wa opeka nyimbo. Elgar anatulutsa Enigma Variations mu 1899, ndipo kuyambira 1903 Vaughan Williams anayenda m'midzi kutolera nyimbo zoposa 800 pakamwa pa anthu wamba. Zonsezi n'zoona. Koma wophunzira mmodzi wa Stanford amangotchulidwa modutsa.

Coleridge-Taylor anabadwira ku London mu 1875, bambo ake dokotala wa ku Sierra Leone, mayi ake Mngelezi, ndipo anakulira ku Croydon. Elgar yemweyo ndi amene anamupangira umboni kwa okonza chikondwerero cha makwaya cha Three Choirs Festival mu 1898. Chaka chomwecho, ali ndi zaka 23, nyimbo yake ya kwaya ya Hiawatha's Wedding Feast inaimbidwa koyamba, makwaya dziko lonse n'kuyamba kuilimbirana. M'zaka za m'ma 1930 inkadzaza Royal Albert Hall chaka ndi chaka, holo yomweyi mumachitiramo Proms. Chondipweteka n'chakuti umwini wa nyimboyi anaugulitsa ndi magini 15 okha (ndalama za ku England za nthawiyo). Osindikiza anakolola, iye n'kumagwira ntchito usana ndi usiku mpaka chibayo chinamutenga mu 1912, ali ndi zaka 37.

Ntchito yake ndi yofanana ndi ya anzake aja. Pamene Vaughan Williams ankamvetsera okalamba a ku Essex, iye anatchera khutu ku nyimbo za anthu akuda a ku America ndi za ku Africa kuno, zina za Aronga a kumwera kwa Mozambique, n'kuzikonzera piyano mu 1905. Nayenso ankafunafuna mawu a mtundu wake, ali Mngelezi ndithu.

Ndikuyamika kuti masiku ano dzina lake layambanso kumveka, makamaka chifukwa cha Chineke! Orchestra, gulu la oimba la ku Britain lomwe ambiri ake ndi akuda ndi a mitundu ina. Komabe kanyimbo kamodzi kotsegulira konsati sikakwanira. Itanani kwaya yaikulu, muimbitse Hiawatha yonse, magawo ake onse atatu, ndipo m'kabuku ka pulogalamu mumulembe pamodzi ndi Holst ndi Vaughan Williams, anzake a kusukulu.

Ine wanu,
Wokonda nyimbo za kwaya