Mphatso za Khrisimasi zatisandutsa angongole

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mchitidwe wogulirana mphatso pa Khrisimasi, makamaka uja timautcha bwenzi lachinsinsi m'magulu athu a amayi.

Kale zinkakoma. Unkatola kapepala m'mbale, kupeza dzina la mnzako, n'kumugulira chimene mtima wako wakonda: chitenje, makapu awiri, ngakhale sopo. Masiku ano m'gulu lathu munthu amalemberatu zimene akufuna, mpaka mtundu wa nsalu ndi saizi ya nsapato, ndipo akomiti amaika mtengo woti usatsikepo. Kodi imeneyo ikadali mphatso?

Chaka chatha ndinatola dzina la mayi wina amene analemba kuti akufuna mapoto asanu olowetsana aja. Ndinazungulira mu Limbe Loweruka lathunthu, mvula ikundikhuthukira, kulowa sitolo iyi kutulukira iyo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sagwirika, ndipo ndalama imene ndinatenga sinakwane. Ndinakakongola ku banki mkhonde. Tsiku lopatsana mphatso, mayiwo anatsegula katoni anthu onse akuona, anagogoda poto mmodzi ndi chala, n'kunena kuti ndi opyapyala, sachedwa kubooka. Ndinangoti zyoli. Kunyumba ndinafika misozi ili m'maso, ndipo ngongole ija ndinamaliza kubweza mu Malichi, ndi chiwongoladzanja chake.

Disembala ndi mwezi wowawa kale. Chimanga kumunda chikufuna feteleza, amayi anga ku Ntcheu nkhokwe yawo imakhala itatha, ana akudikira malaya atsopano ndi mpunga wa nkhuku, kenako Januwale ali pakhomo ndi fizi. Koma chimene chimandipweteka koposa ndi amayi anzathu ogulitsa tomato ndi masamba pamsika. Ndikudziwa awiri amene amasiya kubwera kumisonkhano Novembala akangoyamba, kuopa kutola dzina la munthu amene sangamukwanitse. Amabweranso chaka chikatembenuka, ndipo palibe amene amawafunsa kumene anali.

Ndikupempha atsogoleri a magulu, kumipingo ndi kuntchito komwe, kuti achotse mndandanda wa zofuna ndi mitengo yokakamiza, asiyenso kutsegulitsa mphatso pagulu. Ine ndawauza kale amayi apampando kuti ngati malamulowo sasintha, chaka chino dzina langa lisalowe m'mbale.

Mayi wodandaula,
Ndirande, Blantyre