Kalata yotseguka kwa aphungu a ku Chikwawa ndi Nsanje: musawatseke pakamwa odzudzula a kwathu

Olemekezeka aphungu athu,

Ndine mlimi wa thonje kuno kuchigwa, ndipo ndinavota nawo. Nkhani yomwe yandilembetsa kalatayi ndi ya anthu odzudzula: aja oimba foni pa wailesi, aja oimirira pamsonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera (ADC) n'kufunsa komwe kwapita ndalama za mlatho, oimba, a zisudzo ndi atolankhani. Ambiri mwa inu mukangowamva mumati atumidwa ndi chipani china. Ine ndikuti asungeni anthu amenewa, chifukwa iwo akakhala chete, nkhani ya Chigwa cha Shire imakambidwabe, koma oikamba amakhala anthu akutali amene sanapondepo matope a ku Makhanga.

Taonani zimene zimachitika madzi akasefukira. Mu 2015, pa namondwe Idai mu 2019, pa Ana mu 2022, pa Freddy mu 2023, mawu ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, pa wailesi ndi pa Facebook, anali amodzimodzi: akuti ndife osamva, timakana kusamuka dala chifukwa tinazolowera ufa ndi mabulangete aulere. Mawu amenewa anabwerezedwa mpaka anasanduka maziko a zokambirana zonse. Lero akuluakulu akakhala pansi amangofunsana kuti anthuwa tiwachotse bwanji. Palibe amene amayamba wafunsa chimene chimawabwezera kumadzi.

Chonsecho yankho lake aliyense kuno akulidziwa. Madzi akaphwa amasiya dothi lakuda lonyowa, ndipo mayi amalowa m'dimba ndi khasu, n'kudzala chimanga, mbatata, nyemba ndi maungu popanda ngakhale kapu imodzi ya feteleza. Chimanga chimenecho ndicho chimadyetsa banja pamene munda wa kumtunda wapsa ndi dzuwa, pakuti mvula ya kuno ndi yochepa ndiponso yosapanganika. M'dambo la Ndindi ndi la Elephant Marsh muli nsomba, muli nyika zomwe zapulumutsa ana ambiri pa njala. Munthu wa kwa Nyachikadza mukamuuza kuti akwere kumtunda, amafunsa kuti akalima pati, pakuti mindayo ili ndi eni ake, ndipo akamwa kuti ngati kulibe mjigo. Sindikunena kuti malo onse ndi otetezeka, ayi. Tinaika maliro ambiri, ndipo pali midzi yoyenera kusamukadi. Koma wodzudzula wa kwathu akapatsidwa mpata, amakokera nkhani ku zinthu zenizeni: malo olima, zipupa zotchinga madzi, mabwato, ndi mitengo yomwe inatha kumapiri kumene Ruo ndi Mwanza amachokera, mpaka mitsinje inadzaza mchenga.

Doko la ku Nsanje likanayenera kutiphunzitsa. Mu Okutobala 2010, malemu Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula dokolo pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Tinavina, tinalulutira. Sitima yomwe tinkadikira sinafike, chifukwa boma la Mozambique linaigwira, ponena kuti payenera kuchitika kaye kafukufuku wa kayendedwe ka pa Zambezi ndi Shire. Analipo anthu amene ankafunsa ngati anzathu a ku Mozambique avomereza, koma pa nthawiyo kufunsa zotero kunkatengedwa ngati kudana ndi chitukuko. Pitani mukaone lero: simenti ilipo, madzi alipo, sitima palibe. Maganizo otsegula njira ya kunyanja sanali oipa. Chimene chinasowa ndi munthu wa mphamvu womvera funso limodzi lowawa.

N'chifukwa chake mtima wanga uli pa ngalande yaikulu yochokera ku Kapichira, yomwe akuti idzathirira mahekitala oposa 43,000 mpaka ku Bangula. Ine ndikuifuna ngalandeyi ndi mtima wonse. Tinaona kwa alimi a ku Phata kuti kuphatikiza minda n'kulima pamodzi kungathe kupindula. Koma pamene mlimi afunsa kuti munda wake ukalowa m'koparetivu dzina lake lidzalembedwa pati, madzi azidzalipira zingati, mbewu adzasankha ndani, ndipo wogula adzakhala yani, musamuyang'ane ndi diso lofiira. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, magetsi ankazimazima m'dziko lonse kwa miyezi yambirimbiri, ndipo ntchito ya ngalande inabwerera m'mbuyo. Wofunsa ngati zomangidwazo zidzapirira madzi otsatira akuteteza chuma cha tonse.

Pa malonda n'chimodzimodzi. Boma limalengeza mtengo woyambira wa thonje, koma ukafika ndi mabelo ako pamsika pansi pa mtengo wa mlambe, wogula amati thonje lako ndi lakuda, sikelo imaloza yochepa, ngongole ya mbewu ndi mankhwala amadula pomwepo, ndipo umabwerera ndi ndalama zosakwana fizi ya mwana mmodzi. Nthawi zambiri zinthu zimasinthako pokhapokha mlimi wina wolimba mtima akayankhula pa wailesi, kapena mtolankhani akajambula sikeloyo. Pamenepo m'pamene nkhani imachoka pa ulesi wa alimi n'kufika pa masikelo ndi mitengo. Wogula wachilungamo saopa zimenezi. Zimamuthandiza kusiyana ndi akuba.

Kudzudzula si chinthu chobwera ndi zipani zambiri. Agogo athu aakazi ankaimba pamtondo, ndipo mwamuna woledzera kapena mfumu yokondera pamlandu inkamva dzina lake likutuluka pakati pa kugunda kwa minsi. Pa utse, pa ulimba, nyimbo zinkanena zimene munthu sakanatha kunena pabwalo. Boma la chipani chimodzi linkadziwa mphamvu imeneyi, n'chifukwa chake linaika lamulo lounika mabuku ndi zisangalalo mu 1968, ndipo linatsekera mlakatuli Jack Mapanje ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kumuzenga mlandu. Kalata ya maepiskopi yomwe inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inangotchula zinthu zomwe aliyense ankaziona, koma inasintha zimene Amalawi ankakamba, ndipo mu Juni 1993 tinavota pa referendamu. Mipando imene mwakhalapoyo inabadwa kuchokera kwa odzudzula. Ndipo tisaiwale kuti woimba Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi mu 2001, ulamuliro wa zipani zambiri ulipo kale.

Masiku ano njira yake ndi yofatsa. Woimba wa pa Ngabu kapena pa Nchalo akaimba za msewu wokumbika, amangoona kuti sakuitanidwanso kumisonkhano, kapena amapatsidwa envelopu kuti nyimbo yotsatira ikhale yotamanda. Luso lathu likuonda nazo zimenezi, chifukwa woimba wozolowera kuomberedwa m'manja ndi bwana sakula.

Kumbukiraninso 2016, pamene BBC inaulutsa nkhani ya afisi ku Nsanje. Dziko lonse linatiloza chala ngati mudzi uliwonse uli choncho. Mwambo wogona ana ndi akazi amasiye ndi woipa ndipo uyenera kutheratu, pamenepo sindibisa mawu. Koma amayi, mafumu ena ndi magulu a zisudzo a konkuno anali atayamba kale kuudzudzula. Tikanawakweza mawu awo kalelo, sitikanadikira kuchititsidwa manyazi ndi alendo. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndikudziwa kuti alipo otukwana, alipo olipidwa kuti akuipitseni. Amenewo ayankheni ndi mapepala. Gawo 35 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu ufulu wonena maganizo ake, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Matani pakhoma la ofesi yanu mndandanda wa ntchito za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF), ndalama zake ndi dzina la kontrakitala, bodza lidzadzifera lokha. Pitani ku wailesi za m'madera mwathu muno mukayankhe mafunso omwe simunawaone kale. Ndipo chonde, Olemekezeka, auzeni anyamata anu asiye kupita usiku kunyumba ya munthu amene anafunsa funso masana.

Mvula isanayambe chaka chino, itanani msonkhano ku East Bank, mukhale pansi ndi anthu omwe amakana kusamuka aja, muwasiye ayankhule mpaka amalize. Zimene akanenezo mukazinene ku Nyumba ya Malamulo monga momwe azinenera.

Ine wanu,
Mlimi wa thonje wa kwa Ngabu