Tamara, kuseka kwanga kukumachedwa

Wokondedwa Tamara,

Kalata yako inafika Lachiwiri ndipo ndaiwerenga katatu. Kawiri ndimafuna kumva za iwe ndi mwana, kachitatu ndimayang'ana liwu lija unaliponya pakati pa chiganizo ngati kuti aliyense anabadwa nalo: "landslide". Iwe mtsikana iwe! Zaka zitatu zokha kunjako wayamba kale kundilembera ngati wowerenga nkhani pa BBC? Koma ulendo uno sunandipeze. Liwu limenelo lili kale m'kope mwanga, tsamba lachinayi, ndipo ndinalitchinga ndi cholembera chofiira.

Ndinalipeza kwa anthabwala. Chiyambire Mphatso kundionetsa timakanema ta anthu a ku Britain ndi ku America oseka zotsatira za zisankho zawo, madzulo anga amathera pamenepo. Ndimaonera pang'ono, kuimitsa, kubwerera m'mbuyo, kulemba. "Landslide" ndi kugumuka kwa phiri, dothi n'kukwirira zonse za m'munsi. Ndiye nditaona kuti pa chisankho cha ku Britain cha pa 4 Julayi 2024 chipani cha Labour chinatenga mipando 411 mwa mipando 650, cha Conservative n'kutsala ndi 121 yokha, sindinafunenso wondimasulira. Phiri linagumukadi. M'kalasi tinkaloweza mawu Lolemba n'kuwaiwala Lachisanu, koma liwu lomwe lakulowa uku ukuseka silituluka msanga.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi mmene amalengezera zotsatira kumeneko. Kodi unaonako ndi maso ako? Onse opikisana m'dera amaima mzere umodzi pa nsanja, wamkulu ndi wamng'ono yemwe, woyendetsa chisankho n'kumawerenga mavoti a aliyense mokweza. Rishi Sunak, nduna yaikulu ya dziko panthawiyo, anaima pa nsanja imodzi ndi wanthabwala wotchedwa Count Binface, amene amavala bini ya zinyalala kumutu. Ndinaimitsa kanemayo n'kuyang'anitsitsa: uyu wavala suti, nkhope ili ndwii chifukwa chipani chake chagwa, winayo waima chapafupi ndi bini yake yonyezimira, ndipo palibe wapolisi womukankha. Pamenepo ndinatolapo "to lose your deposit". Aliyense wofuna kuimira uphungu amayamba wapereka mapaundi 500, ndipo akalephera kupeza mavoti 5 pa 100 alionse, ndalamayo sabwezeredwa. Anthabwala amalikonda liwu limeneli, chifukwa kugonja ndi kwina, kugonja mpaka kusiya ndalama zako komweko ndi kwinanso.

Pali lina lomwe ndikudziwa kuti ngakhale iwe wa BBC sulidziwa kochokera, usanamizire. "Gerrymander". Ndi kudula malire a madera mokhotakhota kuti chipani chako chipambane. M'chaka cha 1812 bwanamkubwa wa Massachusetts ku America, Elbridge Gerry, anasayinira lamulo la malire atsopano, ndipo dera lina linatuluka lopindika ngati kanyama kofanana ndi buluzi komwe Azungu amati "salamander". Nyuzipepala ina ya ku Boston inalijambula ngati chilombo cha mapiko ndi zikhadabo, n'kulumikiza dzina la munthuyo ndi la kanyamako. Taganiza, Tamara, liwu lomwe lero limalankhulidwa ndi oweruza m'makhoti linabadwa ngati chipongwe cha wojambula. Patha zaka zoposa 200 ndipo dzina la bamboyo likadali lomangirizidwa kumchira wa buluzi. Ndinakhala kaye chete nditamva zimenezi. Nthabwala si kanthu kopepuka ayi.

"Hung parliament" nayo ili m'kope, nyumba ya malamulo momwe mulibe chipani chokhala ndi mipando yoposa theka, monga ya 2017 ija ku Britain pamene nduna yaikulu Theresa May analephera kufika pa mipando 326 n'kukapempha thandizo ku chipani cha ku Northern Ireland cha DUP. "Lame duck" ilimo, bakha wotsimphina, mtsogoleri amene nthawi yake yatha koma akudikira tsiku lotsika, monga ku America pakati pa chisankho cha mu Novembala ndi 20 Januwale. Ndipo ngati utenganso miyezi inayi osandiyankha, ndidzayamba kulemba dzina limeneli pa envulopu yako.

Koma pali zondinyansa. Mawu aja amadzilemba okha m'munsi mwa kanema ndi abodza kwabasi. Munthu akalankhula mothamanga kapena omvera akaseka, makinawo amangolemba zawozawo, ndipo tsiku lina ndinataya theka la ola kusaka m'dikishonale liwu lomwe kulibe. Mahedifoni anga nawo afa khutu lakumanzere kuyambira pomwe Mphatso anawabwereka, iye akukana kwamtuwagalu. Ndimamvera ndi khutu limodzi, chingwe nditachipinda ndi chala kuti mawu asaduke. Ukamadzatumiza katundu uja usaiwale, chonde. Za Chikondi unafunsa zija, eya, anachira, mwana wamkazi, onse ali bwino, akuti ndikupatse moni. Komatu mahedifoniwo akhale a chingwe, enawo ndimawataya.

Tsopano ndikuuze chomwe chandikhalitsa pansi kulemba usiku uno. Kuseka kwanga kumachedwa. Wanthabwala akamaliza chiganizo, holo yonse imaphulika nthawi yomweyo, ine ndili phee. Ndimaimitsa, kufufuza liwu, kubwereza, kenako ndimamvetsa n'kuseka. Koma pamenepo anzanga a m'kanemamo anaseka kalekale, ndipo m'chipinda muno muli ine ndekha ndi foni yoima. Poyamba sindimaziganizira. Masiku ano zikumandipweteka, chifukwa zimandikumbutsa iwe. Unkamva nthabwala ine ndisanamve, n'kundigunda ndi chigongono, n'kundinong'oneza tanthauzo msangamsanga kuti tisekere limodzi phokoso lisanathe. Panopa wondigunda palibe.

Ndipo unalemba kuti Wongani wayamba kukuseketsa m'Chingerezi, kuti Chichewa amangomva koma sayankha. Chiganizo chimenecho chandisowetsa tulo. Mukadzabwera, mwanayo adzanena kanthu koseketsa, iwe udzaseka, bambo ake adzaseka, ndipo ine ndidzakhala ndikuyang'ana pakamwa panu. Mwana sungamuimitse ngati kanema. Sadzabwereza. Adzangoona kuti azakhali awa saseka, n'kupita kukasewera kwina. Ndi chifukwa chake ndikulimbana ndi kope ili usiku ndi usiku, Tamara. Mayeso ndilibe, ntchito sinandifunse. Ndikufuna kudzaseka pa nthawi yake.

Liwu lomwe ndalilemba komaliza ndi "concede", kuvomera poyera kuti wagonja. Ili anthabwala amalisewera kwambiri, koma ine silimandiseketsa. Ndinawerenga za Al Gore, amene ankapikisana pa upulezidenti wa America m'chaka cha 2000. Usiku wa chisankho anaimbira foni George W. Bush kuvomera kugonja, kenako anaimbanso kubweza mawu ake ataona kuti ku Florida mavoti ayandikana kwambiri. Anawerenganso, anakangana pa timapepala tomwe makina sanatibooletu, tomwe amati "hanging chads", mpaka Khoti Lalikulu linathetseratu kuwerengako pa 12 Disembala. Kusiyana kunali mavoti 537 okha. Mawa lake Gore anaima pamaso pa dziko lonse n'kuvomera kachiwiri. Ndimaganiza za munthu ameneyo kunyamula foni, mtima ukuwawa, n'kunena mawu oyenera. M'Chichewa timangoti kugonja, koma kugonja kumatha kukugwera ngakhale ukukana. Ili la Chingerezi ndi loti uchite kutsegula pakamwa wekha.

N'chifukwa chake ndimaganizanso za nkhani ija tinasiyana nayo pa bwalo la ndege, ija sitinaitchulepo m'makalata onsewa. Ndakhala ndikufuna kukuuza kuti mwina iwe ndiwe unkanena zoona, kungoti nthawi imeneyo ine

Pepala latha, ndipo maso akulemera. Ndidzamaliza m'kalata ina. Umupsompsone Wongani, umuuze kuti azakhali ake akuphunzira. Mahedifoni a chingwe, usaiwale.

Ndine mnzako,
Thoko