Tithandizeni kuti ana athu a fomu 3 akaone Chilwa ndi madamu a ku Domasi

Makolo, abale ndi alongo, komanso inu amene munaphunzira pasukulu yathu ino muli ku Blantyre, Lilongwe kaya ku Joni, moni nonse. Ife a komiti ya sukulu tabwera ndi pempho.

Aphunzitsi a jogalafe ndi a zaulimi akonza zoti ana a fomu 3 apite kukaona malo awiri temu ino, koyamba ku National Aquaculture Centre ku Domasi kumene amaswetsa mbewu ya nsomba ngati makumba, chilunguni ndi mlamba, kenako kudoko la Kachulu pa nyanja ya Chilwa. Ku Domasi akaona mmene damu amalikumbira, chifukwa chake amathiramo manyowa kuti madzi abiriwire nsomba zipeze chakudya, komanso kadyetsedwe ka madeya. Izitu ndi zoti mwana atha kukayamba kwawo akamaliza fomu 4 ntchito ikasowa.

Koma chimene chatikhudza kwambiri ifeyo ndi Chilwa. Ambiri mwa anawa matemba amadya pafupifupi tsiku ndi tsiku koma nyanjayo sanaiponde, sadziwa kuti Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndiye chilichonse chimene mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe yakokolola kuno kumtunda, dothi la m'minda ya m'mbali mwa mtsinje, mapulasitiki a mtauni, zonsezo zimakathera komweko basi. Nyanjayi ndi yosazama, inauma mu 1995, mu 2018 inaphwanso mabwato kungokhala pamatope, asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba anavutika zosasimbika. Ndiye mwana amene bambo ake amaotcha makala m'phiri la Zomba akufunika akaime pa Kachulu, aone njedza ndi mbalame za m'madzi, ayang'ane chilumba cha Chisi, amve kuchokera pakamwa pa asodzi eniake kuti mitengo ikatha kuphiri kunyanja kumachitika zotani. Pabolodi aphunzitsi ayesetsa, koma zimenezi n'zofunika maso.

Vuto ndi thiransipoti. Makolo asonkha ndithu, ena mpaka agulitsa nkhuku, koma mmene mafuta akwereramu ndalamayo siikukwana kuchita hayala basi, ndipo pali ana amasiye angapo amene sanathe kupereka kalikonse, ifeyo tagwirizana kuti amenewa sitiwasiya zivute zitani.

Chonde amene muli ndi minibasi kapena lole yabwino tibwerekeni, mafuta tiyesetsa. Amene mungathe ndalama, kangachepe, tilandira ndi manja awiri ndipo lisiti tikupatsani. Ufa, nyemba, shuga, makope ndi zolembera nazonso zikufunika. Ngati wina angatibwereke majekete oyandamitsa pamadzi atiuze msanga, chifukwa popanda amenewo palibe mwana akwere bwato, akangoonera pagombe.

Thandizo lanu kasiyeni ku ofesi ya ahedi kapena kwa msungichuma wa komiti, ndipo tikabwerako tidzawerenga poyera pamsonkhano wa makolo mmene ndalama iliyonse yayendera. Zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni.

Komiti ya sukulu