Auzeni a m'maofesi kuti Chizumulu ndi Malawi

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndinene zomwe zandiwawa. Sabata yatha ndinapita ku ofesi ina ya boma kuno ku Lilongwe kukalondola penshoni ya bambo anga, omwe anaphunzitsa ana a dziko lino mpaka kupuma pantchito. Mnyamata wa pawindo atawerenga pomwe palembedwa kwawo, anandifunsa ngati Chizumulu, chilumba cha panyanja ya Malawi, chili ku Mozambique. Sankaseka ayi. Anatembenuka kufunsa mnzake, nayenso anangopukusa mutu. Kenako anandiuza kuti bambowo abwere okha mawa lake adzaonekere.

Mawa! Munthu ameneyu anakhoza bwanji sitandade 8? Mapu a Malawi sanawaonepo m'kalasi? Amadya malipiro ochokera ku msonkho wathu, amasunga mafayilo a anthu okalamba, koma sadziwa malire a dziko lomwe akuligwirira ntchito. Ndiye fayilo yochokera kuzilumba ikafika pa tebulo lake imathera kuti? Ndani anamulemba ntchito, ndipo ndani amamuyang'anira?

Ndimuuze zomwe mawu oti mawa amatanthauza kwa munthu wa ku Chizumulu. Sitima ya Ilala, yomwe inayamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951 dziko lisanalandire ufulu, siyenda tsiku lililonse. Uyidikire tsiku lake. Ikafika imaima patali, anthu n'kupanikizana m'kaboti, matumba a usipa ndi ana akulandirana pamwamba pa mitu. Gogo wa mawondo olobodoka ayenera kukwera makwerero achitsulo boti likugwedezeka pansi pake, ndipo nyengo ya mwera mtima umakhala m'mwamba. Akatsika pa Nkhata Bay, ayambenso ulendo wa basi tsiku lathunthu. Ndalama ya ulendo, ya chakudya ndi ya pogona, zonsezo zichoke m'penshoni yomweyo imene sinatuluke.

Inde, Likoma ndi Chizumulu zazunguliridwa ndi madzi a Mozambique, koma ndi Malawi. Amishoni a Anglican anakhazikika pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, tchalitchi chachikulu cha St Peter's chilipo mpaka lero, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma la Likoma, lomwe ndi la zilumba ziwirizi. Amavota, amapereka msonkho. Gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa tsankho, gawo 30 likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chitukuko. Palibe pomwe analemba kuti ufuluwo umathera pagombe la Nkhata Bay.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ichi. Nkhani ya malire a nyanja ndi dziko la Tanzania ikabuka, tonse timadziguguda pachifuwa. Timakumbutsa pangano la Heligoland la 1890 lokhudza malire, la pakati pa Britain ndi Germany, timanena kuti nyanja ndi yathu yonse. Nkhaniyi itakula m'chaka cha 2012 inafika mpaka m'manja mwa a Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa dziko la Mozambique, kuti akhale mkhalapakati. Zonsezo n'zoyenera. Koma nyanja imasungidwa ndi anthu okhala m'mphepete mwake ndi pazilumba zake. Msodzi amene amagona pamadzi usiku ndi nyali yake ndiye amayamba kuona boti lachilendo. Mukamusiya azigula shuga, simenti ndi mafuta pamtengo wokwera kuposa wa kumtunda chifukwa chilichonse chimayenera kuoloka, mukamusiya azidalira nkhuni zochokera kutsidya la Mozambique, kenako n'kumufunsa ngati ndi Mmalawi, mukuyembekeza kuti chitetezo cha malire amenewo chichokera kuti? Misonkhano ya chitukuko cha m'mbali mwa nyanja imachitikira m'mahotela a kuno ku likulu, usipa ndi chambo timadya kuno, koma eni nyanjayo sitiwadziwa n'komwe.

Akuluakulu oona za ogwira ntchito m'boma, aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi bungwe loona za ufulu wa anthu amve izi. Tumizani ogwira ntchito kuzilumba pa masiku odziwika akaone okalamba komweko, ofesi ya bwanamkubwa pa Likoma ilipo kale. Ndipo pachikani mapu a Malawi pakhoma la ofesi iliyonse yomwe imasunga mafayilo a anthu.

Wokhumudwa,
Area 25, Lilongwe