Adapter imene munandigulitsa siona patali, bwezani ndalama zanga

Kwa a Manijala,

Ndalemba kalatayi chifukwa foni yanu yanditopetsa. Ndikaimba, woyankha amati abwana atuluka pang'ono, tikuimbirani, koma mpaka lero kuli zii. Pa WhatsApp mauthenga anga mumawerenga, ndimaona ndithu kuti mwawerenga, koma kuyankha ayi. Tsiku limene ndinagula, ndalama zimene ndinatumiza ndi nambala ya risiti zili m'mabuku anu, sindibwerezanso.

Ndisanatumize ngwee ngakhale imodzi ndinafotokoza zonse bwinobwino. Ndinati ndili ndi lenzi ya Helios 44-2 ya 58mm, ija yopangidwa ku Soviet Union, imene malemu bambo anga ankajambulira maukwati ndi zithunzi za mareji pa kamera yawo ya Zenit. Ndinati ndi ya M42, yolowa pa kamera mochita kupota ngati sikulu. Ndinati kamera yanga ndi Nikon, ndipo lenzi yake ya masiku onse inali itandifera. Funso langa linali limodzi: kodi ndikaika adapter yanuyo, kachitsulo kolumikizira lenzi ku kamera, lenziyi idzaona patali? Mnyamata wanu anayankha mosajejema kuti zonse ichita, ndisade nkhawa. Uthengawo ndinausunga.

Munalonjeza kuti katunduyo afika msanga, koma anafika pa basi Lachisanu madzulo, mawa lake kuli Nc'wala, mwambo wa Angoni. Usiku womwewo ndinayesera m'nyumba, kujambula mwana wanga atakhala pafupi nane pa mphasa, ndipo nkhope inatuluka bwino moti ndinagona mtima uli m'malo. Loweruka ndinafika ku Mtenguleni ndi banja limene linandilemba ganyu, anthu oti anachoka kutali kudzaonetsa ana awo mwambo wa kwawo. Angoni atayamba ingoma, zishango ndi zibonga zili m'mwamba, fumbi lili kobo, ndinaika diso pa kamera n'kuyamba kupotoza lenzi. Ndinapotoza mpaka inafika pothera. Mutu wa munthu amene anaima patsogolo panga unkaoneka tsitsi lililonse, koma chilichonse chopitirira mamita awiri kapena atatu chinali mbuu. Pamene Inkosi ya Makosi Mpezeni ankadutsa, ine ndinajambula nkhungu. Banja lija linathera kujambula ndi mafoni awo, ine wakamera nditaima pambali. Ndalama zawo ndinabweza, ndipo manyazi a tsiku limenelo sindingakulembereni mtengo wake.

Musaganize kuti vuto ndi kufokasa ndi dzanja. Umo ndi mmene ndinaphunzirira kujambula, nthawi imene kulakwitsa kumatanthauza kutaya filimu. Ndinkadziwanso kuti kamera yanga siindiyezera kuwala ndi lenzi yopanda waya ngati imeneyi, kuti ndiziika pa M, potchera zonse ndi dzanja, n'kumayerekeza ndekha. Zimenezo sindidandaula nazo. Chimene ndikudandaula n'choti munandigulitsa kachitsulo koti sikangathe, ngakhale katakhala m'manja mwa katswiri wotani, kuchita zimene munandilonjeza.

Popeza m'shopu mwanu palibe amene anatha kundifotokozera, lekani ndikufotokozereni ine kasitomala. Lenzi iliyonse inapangidwa kuti izikhala pa mtunda wakewake kuchokera pa filimu kapena pa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi m'kati mwa kamera. Ya M42 imafuna mamilimita 45.46. Pakamwa pa Nikon F pali kale pa mamilimita 46.5, ndiye kuti lenziyo yatalikira kale musanaikepo chilichonse, ndipo mukawonjeza kachitsulo kanu imatalikiranso. Lenzi ikatalikira sensa imangoona pafupi. N'chifukwa chake adapter ya M42 yopita pa Nikon, kuti ione patali, imayenera kukhala ndi kagalasi m'kati, ngakhale kagalasiko kamachepetsako kukongola kwa chithunzi. Pa Canon EF, pamene pali mamilimita 44, kachitsulo kopanda galasi kamakwana. Pa Sony E ya mirrorless, yopanda kalilole m'kati, ya mamilimita 18, malo ndi ambirimbiri. Manambala amenewa sali obisika. Munthu wogulitsa ma adapter tsiku ndi tsiku akanayenera kuwadziwa pamtima, kapena kungondiuza kuti akafunse kaye. Akanatero ndikanabwereka kamera kwa mnzanga, nkhani n'kuthera pomwepo.

Foni itakanika ndinakwera basi ya mbandakucha. Inu amene muli ku Lusaka mwina mumaona ngati Chipata ndi kuseri kwa Chongwe. Ndi makilomita oposa 500 pa Great East Road: Katete, Petauke, Nyimba, mapiri aja okhotakhota, mlatho wa Luangwa, munthu n'kufika pa Intercity msana utauma, tsiku lonse la ntchito litapita. Ndinafika m'shopu mwanu ndi lenzi, kamera, adapter ndi risiti. Abwana, monga mwa nthawi zonse, anali atatuluka pang'ono.

Mnyamata amene ndinamupeza pa kauntala anandisiya chiimire mpaka atamaliza kuonera kanema wake pa foni. Kenako anatenga kamera yanga, n'kuloza kukhomo, n'kumadina batani mobwerezabwereza, khutu ali tcheru. Ndinamufunsa chimene ankamvetsera. Anati kamera siikulira, ndiye kuti lenzi ndi yakufa. Ankadikira kuti lenzi yachitsulo ndi galasi basi, yopanda mota, yopanda waya, ifokase yokha! Nditayamba kumufotokozera za mtunda uja anandidula pakamwa, n'kukweza mawu kuti makasitomala ena amve: "Ba mudala, ivi vinthu ni vakudala. Tayani chabe, mugule yanyowani. Kapena maso ndiye yasila?" Anthu anaseka. Mnzake wa pambali anawonjeza kuti a kum'mawa amakonda kusunga zinyalala. Ine ndi munthu wa imvi, ndili ndi ana aakulu kuposa mnyamata ameneyo, ndipo kwathu kuno mwana sauza mkulu kuti maso ake atha, makamaka mkuluyo atabwera ndi risiti m'manja. Lenziyo anaiponya pa kauntala galasi lakumbuyo lili pansi, popanda chotsekera. Ndinaitola ndekha n'kuipukuta, manja akunjenjemera ndi mkwiyo. Lenzi imeneyo inatiphunzitsa sukulu ife ana onse a m'nyumba mwathu.

Mayi wa pa ndalama sananene zambiri. Anangondilozera ndi cholembera chikwangwani chili pakhoma chonena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa. A Manijala, funsani amene amakulangizani za malamulo. Lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa kupachika m'shopu chikwangwani cholanda wogula ufulu wake. Chikwangwanicho ndinachijambula, ndipo poti chinali pafupi, adapter yanu inachigwira bwino kwambiri, chilembo chilichonse chikuwerengeka.

Patapita nthawi munandiimbira, kamodzi kokhako m'nkhani yonseyi, kuti adapter yagalasi yafika, ndibwere ndidzasinthe. Ndinapempha kuti muitumize pa basi monga munachitira poyamba, mukuti ayi, mpaka ndibwere ndekha ndi yakaleyo. Ndinakweranso. Chimene munanditulutsira chinali cha Canon. Pa paketi panalembedwa Canon, zilembo zazikulu. Mnyamata yemwe uja anafuna kuchikakamiza pa kamera yanga, ndinachita kumugwira dzanja kuti asandithyolere. Ndiye anati ngati ndikufuna ya Nikon yeniyeni ndiwonjezere ndalama, aitanitsa kunja. Kuwonjezera pa chiyani? Pa zimene ndataya kale m'mabasi ndi pogona?

Kuti musapitirize kunamizira lenzi, nditabwerera kuno ndinapita kwa mnzanga amene amajambula pafupi ndi msika wa Kapata. Iye ali ndi Sony ya mirrorless ndi adapter yake ya M42, kachitsulo wamba kopanda galasi. Tinaika Helios yomwe ija, tinalola kamera kuti ijambule ngakhale ikuti palibe lenzi, tinaloza ku phiri la Kanjala. Mitengo ya pamwamba pa phiri inatuluka ngwee, umodziumodzi. Tinajambulanso mayi wogulitsa tomato pa f/2, lenzi itatsegulidwa kotheratu, kumbuyo kwake kukuzungulira mokongola muja imachitira lenzi imeneyi, kukongola kumene achinyamata akuifunira masiku ano mpaka kuitanitsa kunja. Zithunzizo ndazitumiza pa WhatsApp yanu. Muonetseni mnyamata wanu aone zinyalala za kum'mawa.

Adapter ina sindikuifunanso, kaya yagalasi kaya yopanda galasi. Ndikufuna ndalama zanga zonse, pa nambala yomwe ndinatumizira, pamodzi ndi ndalama za basi za maulendo amene munandiyendetsa pachabe, matikiti ndinasunga. Kachitsulo kanu ndikatumiza pa basi tsiku lomwe ndalama zidzalowe, ndipo mudzalipire nokha potenga. Ndikufunanso kuti munthu wamkulu wa pa shopu panu, osati mnyamata uja, andiimbire n'kupepesa chifukwa cha mawu aja.

Kumapeto kwa Ogasiti kuli Kulamba, mwambo wa Achewa, ku Mkaika, ndipo ojambula a kuno tonse timakumana kumeneko, ochokera ku Katete, Chadiza, Lundazi mpaka a ku Malawi ndi Mozambique. Ambiri mwa iwo ali ndi malenzi akale m'mabokosi ndipo amandifunsa kogula ma adapter. Mwezi uno ukatha ndalama zisanalowe, dandaulo langa lipita ku CCPC, bungwe la boma loteteza ogula, pamodzi ndi uthenga wa lonjezo lanu ndi chithunzi cha chikwangwani chija, ndipo ku Mkaika aliyense wondifunsa ndidzamuuza zimene ndinaona. Dziwaninso kuti kuchokera kuno, kudzera pa Mwami, Lilongwe ili pafupi kwambiri kuposa Lusaka, ndipo mashopu a makamera aliko.

Ndine kasitomala wanu wokhumudwa,
Wojambula zithunzi wa ku Chipata